Matumba atatu a chimanga ndi mizere iwiri



Aphunzitsi aakulu atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kalata ya teremu ino, anzanga ena ankaganiza kuti ndilemba za Swala kapena za kavalidwe, poti ndi zimene ndimakonda kukumbutsa pa asembule. Koma ine ndasankha kulemba za kulemba kumene. Masabata awiri apitawa ndakhala ndikuchonga mayeso a Fomu 3. Ana osadziwa phunziro alipo, ndipo amenewo mankhwala awo ndikuwadziwa. Ondidandaulitsa kwambiri ndi ana olidziwa bwino phunzirolo, oyankha mwanzeru m'kalasi, koma pepala lawo ukaliwerenga sumva chimene akunena. Mmodzi ndinamuitana n'kumufunsa funso lomwe lija la pa mayeso. Anandifotokozera pakamwa momveka bwino zedi, kenako anati, "Amwalimu, pajatu ndimatanthauza zimenezi." Ndinamuyankha kuti pepala silinena zimene munthu amatanthauza, limanena zimene walemba. Anaona ngati ndamulankhula mwaukali. Sakudziwa kuti mawu amenewa inenso ndinauzidwa, pagulu, ndili ndi zaka 20, ndipo mlandu wanga unali waukulu kuposa kutaya malikisi.

Inu amene munali akuluakulu m'chaka cha 2002 mukuikumbukira njala ya chaka chimenecho. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimanga chinasowa, ndipo kumene chapezeka mtengo wake unali woti munthu wamba sangaufikire. Anthu ankadya madeya, ena mpaka mizu ya nthochi. Kwathu ku Machinga bambo anga ankachita kabizinesi kogula ndi kugulitsa mbewu, choncho anali atasungako matumba angapo m'nyumba. Tsiku lina itatha Swala ya Asr kunafika mnansi wathu, munthu amene anakulira limodzi ndi bambo, amene ankaima nawo phewa ndi phewa pamzere woyamba mumzikiti. Anakhala pamkeka nthawi yaitali asananene chimene abwerera. Kenako anaulula kuti kwawo ana atha masiku awiri osaona nsima. Bambo sanachedwe, anawapatsa matumba atatu pangongole.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo kumadrasa ndinali nditaloweza Surat Al-Baqara yonse. Pamudzi ankanditenga ngati munthu wophunzira, ndipo inenso ndinkadzitenga chimodzimodzi. Bambo anandiitana, "Iwe, bwera ndi cholembera ulembe izi." Ndinathothola pepala pakati pa kope lakale n'kulemba mizere iwiri imene ndikuikumbukira mpaka lero: "Bambo uje atenga matumba atatu a chimanga kwa bambo anga. Adzabweza mtengo wake akakolola." Onse awiri anasaina, bambo anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama chawo. Sindinaliwerenge mokweza kuti onse amve, ndipo panalibe wina aliyense woonerera. Ntchito yonse sinanditengere mphindi ziwiri. Ndinabwerera kumene ndinali ndikudzimva kuti ndathandiza.

Anthu atakolola mu Meyi, mtengo wa chimanga unatsika monga umachitira chaka chilichonse. Mnansi uja anagulitsa mtedza wawo n'kubwera ndi ndalama, atawerengera mtengo wa thumba pamsika sabata imeneyo. Bambo anazikana. Iwo ankadziwa kuti anagulitsa chimangacho pa mtengo wa Januwale, kungoti ndalama zinali zodzabwera pambuyo. Mnansi anati ayi, pepala likunena mtengo wake akakolola, kutanthauza mtengo wa nthawi yokolola. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi kunali kwakukulu, kokwanira kulipirira mwana fizi. Anatulutsa pepala lija, aliyense n'kumaloza mawu omwewo, aliyense akulumbira kuti akunena zoona. Lero ndikhoza kuchitira umboni kuti onse awiri ankanenadi zoona, panalibe wofuna kubera mnzake. Chiganizo changa chinali ndi makomo awiri, ndipo aliyense analowera khomo lake.

Nkhani inapita kwa Shehe wa mzikiti wathu, amene pano anamwalira, Allah awachitire chifundo. Anthu anakhala pakhonde itatha Jumu'a. Shehe anawerenga pepalalo kawiri, kenako anafunsa kuti analemba ndani. Ndinaimirira. Anayamba kundifunsa modekha, funso limodzilimodzi. Mtengo wake uti, wa tsiku liti? Ndi ndalama zingati? Matumbawo ndi a makilogalamu angati? Kukolola kwake n'kwa mwezi uti, nanga munthu akapanda kukolola? Mboni zili kuti? Ndinayamba kuyankha kuti, "Shehe, ine ndimatanthauza kuti..." Anakweza dzanja. "Mwana wanga, pepala silinena zimene umatanthauza. Limanena zimene walemba." Kenako anandiuza kuti ndiwerenge pamtima aya ya 282 ya Surat Al-Baqara. Ndinaiwerenga bwinobwino osaphonya chilembo. Atandiuza kuti ndimasulire anthu tanthauzo lake, mawu anayamba kundikanika pakhosi, chifukwa chilichonse chimene ndinkamasulira chinali kunditsutsa ine ndemwe.

Ophunzira ambiri mukuidziwa aya imeneyi. Ndiyo yaitali kuposa aya zonse za m'Qur'an yolemekezeka, ndipo nkhani yake ndi ya kulemba ngongole. Imalamula kuti ngongole ilembedwe, yaing'ono kapena yaikulu, pamodzi ndi nthawi yobwezera. Imafuna kuti wolembayo alembe mwachilungamo, ndiponso kuti asakane kulemba, popeza Allah ndiye anamuphunzitsa. Imafuna mboni. Pali mfundo inanso imene ndinaiona koyamba tsiku limenelo, ngakhale ndinali nditaiwerenga kambirimbiri: amene ayenera kunena mawu oti alembedwe ndi wobwerekayo, mwini ngongole. Ine ndinalemba zimene ananena bambo anga, obwereketsa. Mnansi uja akanakhala kuti ndiwo ankandiuza zolemba, akanatchula mtengo umene unali m'mutu mwawo, bambo akanatsutsa pomwepo, ndipo nkhani ikanathera pamkeka tsiku lomwelo, anthu akadali pa ubale. Ayayo imatchulanso phindu la kulemba kotere, kuti kumasunga chilungamo, kumalimbitsa umboni, ndipo kumachotsa kukayikirana.

Shehe anagamula kuti popeza mtengo sunatchulidwe, malondawo sanamangike, choncho mnansi abweze chimanga chenicheni, thumba kwa thumba. Pakamwa onse anavomera, koma mitima inatsala. Bambo ankadalira ndalama zija kuti alipirire mlongo wanga fizi, ndipo mlongo wangayo anakhala pakhomo teremu yathunthu. Mnansi anadandaula kuti akhazikidwa pabwalo ngati wakuba chifukwa cha njala ya ana awo. Kwa zaka ziwiri anthu awiriwa sankayenderana. Mumzikiti wina ankaima kumapeto kwa mzere chakumanja, wina kumapeto chakumanzere. Amayi anga ndi akazi a mnansi ankangopatsana moni wa panjira. Anadzagwirana chanza pa Eid ina, Alhamdulillah, koma teremu ya mlongo wanga sinabwerere. Zonsezi chifukwa cha mizere iwiri imene ndinalemba mothamanga.

Kuyambira nthawi imeneyo ndimaona kulemba ngati amana, chinthu chimene munthu wasungitsidwa. Ukalemba, pali wina amene adzadalira mawu ako iwe palibe, ndipo sadzatha kukufunsa. Chipembedzo chathu chinalemekeza cholembera kuyambira pachiyambi penipeni. Aya zoyambirira kuvumbulutsidwa, za mu Surat Al-Alaq, zimatchula kuwerenga ndi cholembera, ndipo sura ya 68 dzina lake ndi Al-Qalam, kutanthauza cholembera. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi ena a ku Makka amene analibe chuma chodziombolera anamasulidwa aliyense ataphunzitsa ana 10 a ku Madina kulemba. Mtumiki Muhammad (SAW) anali ndi alembi ake, ndipo mmodzi wa iwo, Zaid bin Thabit (RA), ndi amene anadzapatsidwa ntchito yosonkhanitsa Qur'an pamodzi m'nthawi ya Abu Bakr (RA). Koma chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha pangano la Hudaibiya m'chaka cha 628. Ali bin Abi Talib (RA) ndiye ankalemba. Nthumwi ya anthu a ku Makka, Suhail bin Amr, inakana kuti m'panganomo mulembedwe kuti Muhammad ndi Mtumiki wa Allah, inafuna dzina lake ndi la bambo ake basi. Maswahaba zinawapweteka, koma Mtumiki (SAW) analola kuti mawuwo asinthidwe. Mbali ziwirizo zinathana pa mawu alionse zisanasiyane. Ndi zimene ife sitinachite pamkeka paja.

Kuno kwathu agogo athu ambiri sanatumize ana kusukulu za mishoni m'nthawi ya atsamunda, poopa kuti anawo asiya Chisilamu. Anali ndi zifukwa zawo, ndipo chipembedzo anachisungadi. Koma zotsatira zake zinali zakuti kwa zaka zambiri Msilamu akafuna kalata ya kuboma ankapita kukapempha wina kuti amulembere. Sukulu ngati yathu ino inamangidwa kuti zimenezo zithe. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti mwana amalize Fomu 4 pano, Qur'an akuiwerenga bwino, koma kalata yofunsira ntchito n'kukalembetsabe kwa wina.

Nanga munthu amaphunzira bwanji kulemba bwino? Ndinena zimene zandithandiza ine, kumadrasa ndi kukoleji komwe.

Musanagwire cholembera, dziwani chimene mukufuna kunena. Ambiri olemba zosamveka vuto lawo limayambira m'mutu, maganizo amakhala asanakhazikike. Yesani kunena mfundo yanu pakamwa m'chiganizo chimodzi, ngati mukuuza mng'ono wanu wa Sitandade 6. Mukakanika, tsekani kope, bwererani mukaganize kapena mukawerengenso. Mukatha, chiganizo chimenecho ndicho msana wa chimangirizo chanu, ndipo ndime iliyonse igwire pamenepo. Ndime imene sikugwirapo, ngakhale ikome bwanji, ichotseni.

Kenako ganizirani wowerenga. Wochonga mayeso a MANEB sakudziwani, sanakuoneni mukuyankha bwino m'kalasi. Dzifunseni mafunso a Shehe aja: ndani, chiyani, zingati, liti, kuti? Mawu ngati "posachedwa", "zambiri", "uja" ndi "kumeneko" amamveka pocheza chifukwa mnzako ali pomwepo, akhoza kufunsa. Papepala lembani tsiku, nambala ndi dzina. Samalaninso ndi mawu a matanthauzo awiri, poti Chichewa chathu chili nawo ambiri. Mtengo ndi wa m'nkhalango komanso wa pamsika, mbale ndi wobadwa naye komanso yodyeramo, ndipo mukalemba kuti munthu uja ndi wokongola, wina amva za nkhope, wina amva za ngongole.

Musapeputse zilembo ndi zizindikiro zing'onozing'ono. Kumadrasa mumadziwa kuti ba, ta ndi tha n'zofanana thupi, zimasiyana madontho okha, ndipo dontho likasokonekera mawu asintha tanthauzo. M'Chichewa chilembo cha h chokha chimasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Mpumiro ndi mpatuliro zili ngati zizindikiro za waqf mu Mus'haf, zimauza wowerenga popumira. Mwana amene sangalole kudumpha waqf pa tajwid asalembe tsamba lonse lopanda mpumiro. Chiganizo chikatalika mpaka mpweya kukutherani powerenga, chiduleni pawiri.

Chachikulu pa zonse ndi kulembanso. Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno timatsatira madhihabu awo, analemba buku lawo la Al-Risala asanapite ku Egypt, ndipo atafika ku Egypt analilembanso. Anamwalira m'chaka cha 820, koma mpaka lero ophunzira a fiqh amasiyanitsa maganizo awo akale ndi atsopano, chifukwa sankachita manyazi kukonza zimene ananena poyamba. Imam Bukhari zinawatengera zaka pafupifupi 16 kuti amalize Sahih yawo. Ngati akuluakulu amenewa ankabwerera pa zolemba zawo, ife ndife yani kuti tipereke pepala loyamba inki isanaume? Lembani, siyani pepalalo ligone usiku umodzi, m'mawa muliwerenge mokweza. Khutu limagwira zimene diso ladumpha. Mukatero chotsani mawu onse osagwira ntchito. Nkhani inoyi ndailemba katatu. Yoyamba inali yaitali kwambiri, ndipo aphunzitsi a Chichewa anandibwezera ili ndi inki yofiira tsamba lililonse.

Kumadrasa palibe amene amadzigamula yekha kuti waloweza. Umakhala pamaso pa mwalimu, iwe ukuwerenga, iwo akukuimitsa ukalakwa, ndipo sukwiya. Chitani chimodzimodzi ndi zolemba zanu. Mpatseni mnzanu awerenge inu muli chete, kenako akuuzeni zimene wamva. Musamuthandize. Akamva zosiyana ndi zimene mumafuna, musalimbane naye, konzani pepala. Mutu umodzi susenza denga.

Werenganinso kwambiri, pakuti m'nkhokwe mopanda chimanga simutapidwa kanthu. Werengani Qur'an yotanthauzidwa m'Chichewa, muone mmene womasulira anasankhira mawu. Werengani mabuku a J.W. Gwengwe monga Kukula ndi Mwambo, ndi nyuzipepala za Chichewa ndi za Chingerezi zomwe. Mukapeza ndime yomveka bwino, imani kaye mudzifunse kuti wolembayo wachita bwanji. Ndipo lembani tsiku lililonse, ngakhale ndime imodzi: zimene mwamva pa khutuba, mmene mpira wathera, zimene mwaona kumsika. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kumbukirani kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE simuilandira, ndipo luso lokonza maganizo ndi limodzi, kaya mukulemba m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chingerezi kapena m'Chiarabu.

Za pafoni ndichenjezekonso. Uthenga wa pa WhatsApp nakonso ndi kulemba. Mawu odulidwadulidwa amene mumazolowera pafoni ndayamba kuwaona m'mayeso. Choopsa kuposa apo, ndaona abale akusiya kulankhulana chifukwa cha uthenga wachidule wolembedwa munthu atakwiya. Werenganinso musanatumize, madzi akatayika saoleka.

Kwa inu makolo, simufunika kukhala ophunzira kuti muthandize mwana pa zimenezi. Muuzeni akuwerengereni zimene walemba. Ngati simukumva, nenani kuti simukumva, akalembenso. Mpatseni ntchito zenizeni za pakhomo, monga kaundula wa ngongole za pagolosale, kalata ya kwa amfumu, kapena uthenga wopita kwa achibale. Ndipo mukabwereka kapena kubwereketsa, ngakhale kwa m'bale wanu wa bere limodzi, lembetsani. Wobwereka anene mawu, mboni zikhalepo, pepala liwerengedwe mokweza onse akumva. Ena amaopa kuti m'bale aona ngati akumukayikira. Ine ndinaona ndi maso anga kuti chimene chimasokoneza ubale ndi pepala losamveka kapena kusowa kwa pepala.

Akuluakulu a komiti, ndikulankhula mwaulemu wonse. Inu mumasunga zinthu za anthu: zopereka za Lachisanu, Zakaat, malo a mzikiti, kaundula wa nikah. Maminitsi a msonkhano akangolembedwa kuti "tinagwirizana zokonza denga", pakatha miyezi itatu aliyense akumbukira zakezake. Lembani kuti adzachita ndani, ndi ndalama zingati, pofika tsiku liti, ndipo ziwerengedwe mokweza msonkhano usanatsekedwe ndi duwa. Limbikitsaninso anthu kuti wasiya, imene ena amati wilo, izilembedwa momveka mwiniwake akadali moyo. Mikangano ya chuma cha masiye imene ndaionapo imayamba ndi mawu oti "malemu ankatanthauza kuti". Pempho langa lina n'lakuti mlembi wa komiti azitengako ophunzira awiri a Fomu 3 kapena Fomu 4 pa misonkhano yosafuna chinsinsi, azikhala pambali pake n'kumalemba nawo, kenako aziyerekeza zimene alemba. Amenewo ndiwo adzakulembereni maminitsi zaka zikubwerazi.

Pepala lija bambo analisunga, ndipo atamwalira ndinalipeza m'chikwama chomwe chija, litachita chikasu. Chaka chilichonse ndimalemba mizere iwiri ija pabolodi kwa a Fomu 1, osatchula dzina, n'kuwauza kuti aikonze. Chaka chino ntchitoyi ndikuipereka kwa sukulu yonse. Ilembeninso mizere ija mwanjira yoti anthu awiri aja asadzakangane, muwawerengere makolo anu mokweza, kenako mundibweretsere sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi. Zolembedwa bwino kwambiri ndidzapempha aphunzitsi aakulu kuti zituluke m'kalata yotsatira, Insha Allah.

Allah atipatse kudziwa kopindulitsa, ndipo atiteteze kuti zolemba za manja athu zisalekanitse abale. Wassalaam alaikum.